Eni mashoo a mpira ku Neno

Fainolo ya chikho ikamaseweredwa pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, kamera ikangoloza kumasitandi munthu umayamba kuwerenga mipando yopanda anthu. Bwaloli linatsegulidwa mu Januwale 2017 ndipo limalowa anthu pafupifupi 40,000. Kulidzaza si masewera, makamaka ngati matimu okumanawo sali mwa atatu aja okoka khamu: FCB Nyasa Big Bullets, Mighty Wanderers ndi Silver Strikers. Kukacha, pa wailesi nyimbo imakhala yomweyo, yoti Amalawi asiya kukonda mpira wawo. Olankhula choncho akanafikako pa Zalewa, pa Ligowe kapena pa boma la Neno Loweruka masana. Akanapeza anthu atathinana m'tinyumba tamdima, thukuta kamukamu, maso onse ali pa sikilini. Khamu lilipo ndithu, ndipo pali anthu amene akudyera pa khamulo.

Anthu amenewa timangowatchula kuti eni mashoo. Ntchito yawo inayamba kalekale ndi matepi a mafilimu a karate, kenaka madisiki a mafilimu a ku Nigeria, koma masiku ano chodyetsa banja ndi mpira. Katundu wa shoo si wambiri: kanema wamkulu mmodzi kapena awiri, dishi padenga, dikoda, sipika yoloza kumsewu, ndi mabenchi a matabwa okhomerera pansi. Nyumba yake nthawi zambiri ndi yalendi, ya njerwa kapena ya mabigili chabe, mazenera atatsekedwa ndi makatoni kuti kuwala kusasokoneze chithunzi komanso kuti osuzumira aulere asaone kanthu. Panja pamakhala bolodi lakuda lolembedwa ndi choko matimu osewera lero, nthawi yake ndi mtengo wolowera. Wolemba bolodi akalakwitsa nthawi, tsiku limenelo amva zonse.

Mwini shoo kawirikawiri si amene amaima pakhomo. Amalemba mnyamata, mphwake kapena mwana wa mlongo wake, woti azitolera ndalama. Ntchito ya pakhomo ndi yofuna mtima wolimba, chifukwa olowa onse ndi odziwana nawo. Wina ndi malume, wina munaphunzira naye pulayimale, wina ndi wapolisi wa pa rodibuloko. Aliyense ali ndi mawu ake okoma: achimwene, ndikupatsani pa hafu taimu, madala, dzulo lija chenji simunandibwezere. Mnyamata wofewa mutu amatseka shoo ili yodzaza koma m'thumba muli ndalama ya mabenchi awiri. N'chifukwa chake eni ena amabwera mpira uli mkati, kuima kumbuyo ngati akuonera, pamene akuwerenga mitu.

Zimene zimadya phindu ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kulipira dikoda mwezi ndi mwezi. Mtengo wake umatsatira dola, ndiye Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni mashoo anamva kuwawa msanga kuposa ogulitsa tomato. Kukweza mtengo wa pakhomo n'kovuta, poti kasitomala wake ndi wa kabaza, wa ganyu ndi mlimi wodikira kuti manachesi apse. Ukakweza pang'ono, anthu amasamukira kwa mnzako kuseri kwa msika.

Chachiwiri ndi magetsi, ndipo apa anthu a ku Neno amaseka mopwetekedwa mtima. Malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali pa mtsinje wa Shire, pamphuno pawo penipeni, koma midzi yambiri ya m'bomali usiku imadalira tochi. Ngakhale pamene mawaya anafika, magetsi amathima mpira uli pakati. Shoo yopanda jenereta kapena sola ndi mabatire ake si shoo. Magetsi akangoti phethi, mdima usanakhazikike n'komwe, mawu amakhala atamveka kale: bwezani ndalama zathu! Mnyamata wa pakhomo uja amathamangira kuseri kukakoka chingwe cha jenereta, ndipo dikoda ikamadzuka pang'onopang'ono aliyense amapemphera kuti chigoli chisalowe iye asakuona. Petulo akasowa m'dziko, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, amagulidwa wa m'zigubu pamtengo wolira nawo.

Tsiku limene ntchitoyi inaonetsa kulemera kwake ndi pa 25 Januwale 2022. Timu ya Flames inali itafika mu ndime ya matimu 16 ya AFCON ku Cameroon, ndipo inkakumana ndi Morocco. Dzulo lake namondwe Ana anali atawomba chigawo cha kummwera, n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse lili mu mdima. Ambiri mwa amene anaona Gabadinho Mhango akumenya chigoli chija chakutali, mpira utangoyamba kumene, anaonera kwa munthu wa jenereta kapena sola. Malawi inagonja 2-1, koma usiku umenewo palibe amene anadandaula za mtengo wa pakhomo.

Nanga bwanji anthu okonda mpira chotere sapita kubwalo pa fainolo? Tiyeni tiwerengere limodzi. Boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003 ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 138,000, lilibe timu mu ligi yaikulu. Munthu wa kwa Dambe, kumapiri kolimidwa mbatatesi ndi tirigu, kuti akaonere fainolo ayenera kutsika pa njinga yamoto kapena pa matola, pamsewu umene anthu a ku Neno akhala akuulirira phula kwa zaka zambiri. Akafika pa Zalewa ndiye wangoyamba ulendo. Ku Kamuzu Stadium ku Blantyre ndi pafupifupi makilomita 60 kuchokera pamenepo, pamene ku Lilongwe ndi makilomita oposa 200. Onjezani tikiti, chakudya, ndi pogona chifukwa mpira ukatha dzuwa limakhala lapendeka ndipo kumudzi sangafikenso. Ndalama imeneyo ikhoza kumulowetsa mu shoo sizoni yonse, n'kutsalako ya sopo. Ena amakumbukiranso za pa 6 Julaye 2017, pamene anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa zipata za bwalo la Bingu. Kholo silimasuka kutenga mwana kupita naye kumalo otero.

Komabe tisanamizire msewu wokha. Chilipo china chimene akuluakulu a FAM ndi SULOM sangakonde kumva: pa bolodi lija, mpira wa kwathu kuno umalembedwa pansi. Pamwamba pamakhala Arsenal, Manchester United, Chelsea ndi Liverpool. Mwini shoo si wodana ndi dziko lake, iye ndi wabizinesi. Mpira wa ku England umayamba nthawi imene analemba, chithunzi chake n'choyera, ndipo umabwera sabata iliyonse. Umabweranso ndi anyamata obetcha, atagwira timapepala ta Premier Bet kapena foni m'manja, amene amalipira kuti aone ngakhale matimu osadziwika poti ndalama yawo ili momwemo. Fainolo ya kuno imadzaza shoo ngati muli Maule (Bullets) kapena Manoma (Wanderers). Mu 2024, Blue Eagles, ikusewera mu ligi yaing'ono, inalanda chikho cha FDH Bank m'manja mwa Bullets pa mapenate. Nkhani yokoma ngati imeneyo anthu amaikamba sabata yathunthu. Koma matimu awiri opanda masapota ambiri akafika mu fainolo, mwini shoo amaika mpira wa ku Ulaya, wofuna za kuno akamvere pa wailesi.

Pakhomo pa shoo pamamera tintchito tina. Pali mnyamata wa chiwaya amene amadziwa kuti tchipisi chiyenera kupsa hafu taimu isanakwane, wootcha kanyenya, amayi a zitumbuwa ndi mtedza wokazinga, ndi a kabaza odikira kutenga anthu mpira wa usiku ukatha. Awa ndi anzawo a mavenda amene amazungulira ndi madzi ndi mafirizesi m'masitandi a ku Kamuzu Stadium. Kusiyana kwake n'koti wa kubwalo akaoda katundu wambiri anthu n'kusabwera, wagwa nayo, pamene wa pa shoo makasitomala ake amawadziwa ndi maina. Amayi ambiri amathera panja pomwepo, pa malonda. M'kati mwa shoo mumakhala amuna okhaokha pafupifupi, ndipo phokoso ndi mawu otuluka mmenemo sizoitanira munthu wamkazi.

Ntchitoyi ilinso ndi mbiri yake yoipa. Makolo ndi aphunzitsi amadandaula kuti ana amajomba kusukulu n'kukabisala m'mashoo, ndipo m'madera ambiri mafumu anaika malamulo oletsa kulowetsa ana nthawi ya sukulu kapena usiku. Eni ena amatsatira, ena ndalama ya mwana amaiona ngati ndalama basi. Mpikisano watsopano nawo wafika: foni. Mnyamata amene wagula bandulo amaonera yekha pakhonde, ngakhale kuti netiweki ya kumapiri imamudula pamene womenya penate wangoyamba kuthamanga.

Masiku amene shoo imakhala pululu ku Neno ndi a fainolo ya m'mudzi. Bonanza kapena chikho chimene phungu wa dera waika chikafika kumapeto, pabwalo la sukulu pamakhala posaponda phazi. Agogo, amayi obereka ana kumbuyo, mafumu pamipando yawo, ana ali m'mitengo, ndipo chigoli chikalowa bwalo lonse limathamangira m'kati, fumbi kobo. Palibe chipata, palibe tikiti, ndipo wovala nambala 9 ndi mwana wa uje amene aliyense anamuona akukula. Tsiku limenelo mwini shoo wochenjera amatseka chitseko, n'kubwereketsa sipika ndi jenereta yake kwa okonza mwambowo, pamtengo.