Kompyuta ya mwana yayamba ulesi? Musaphe nayo mpamba

Makolo a m'misika ya Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa masiku ano ali pa mpanipani wachilendo. Kale mwana ankalirira mpira wachikopa kapena nsapato za pa Khirisimasi. Lero akufuna kompyuta yosewererapo mpira ndi GTA. Ena a inu munagula kale ya kaunjika, zija za Dell kapena HP zimene zinatopa m'maofesi a kunja, pofuna kuti mwana asamaswere m'tinyumba ta magemu n'kumamwaza ya ndiwo. Pasanathe miyezi itatu kulira kwayambiranso, ati ikumaima-ima pakati pa masewero.

Yatsopano iwalani kaye, abale. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo palibe kachitsulo ka mu kompyuta kamene kamapangidwa kuno kwathu. Ine ndimati konzani yomwe ilipoyo, chiwalo chimodzi chimodzi, monga mmene mumaonjezera katundu pa benchi.

Choyamba n'chaulere. Tsegulani chivundikiro muone fumbi limene lamatirira pa fani. Fumbi la ku Machinjiri ndi kutentha kwa mu Okutobala zikakumana, kompyuta imadzichepetsa yokha liwiro poopa kupsa. Kuipukuta ndi kupakanso kamafuta koziziritsa pa purosesa nthawi zina kumathetsa theka la mlandu.

Kenaka funsani RAM. Ngati ili ndi 4GB yokha, ifikitseni pa 8GB. Koma chenjerani: pali DDR3 ndi DDR4, ndipo imodzi silowa m'malo mwa inzake ngakhale muikanikize chotani. Zulani yakaleyo mupite nayo kwa wogulitsa ku Limbe kuti akayerekeze, osangokhulupirira pakamwa. SSD nayo imathandiza kuti kompyuta iziyaka msanga ndi kutsegula gemu mosadikiritsa, koma wina asakunamizeni kuti zithunzi ziyamba kuthamanga chifukwa cha iyo. Imeneyo ndi ntchito ya khadi ya zithunzi.

Pa khadi imeneyi ndi pamene ndalama za anthu zikuthera. Makompyuta a mu ofesi aja ambiri ndi opyapyala ndipo bokosi lake la magetsi ndi lofooka, choncho khadi yaikulu silowamo, ikalowanso siyaka. Yoyenera ndi yaifupi yosafuna chingwe chapadera cha magetsi, monga GT 1030 imene imadya mawati 30 okha, kapena GTX 1050 Ti ya mawati 75. GT 1030 ilinso mitundu iwiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4. Dzina ndi limodzi, koma ya DDR4 ndi yaulesi kwambiri.

Akathyali nawo sanagone. Pa dziko lonse pafala makhadi akale, makamaka GTS 450, amene amawasintha dzina kuti azioneka ngati GTX 1050 Ti. Inu amene mumadziwa kusiyanitsa chitenje chenicheni ndi chosuluka simuyenera kupusitsidwa apa. Mukaona GTX 1050 Ti ili ndi kabowo kabuluu ka VGA kumbuyo, kayikirani. Muuzeni wogulitsa aiike mu kompyuta, atsegule pulogalamu yaulere ya GPU-Z, kenaka mwana asewere gemu yake pomwepo kwa mphindi 20 inu mukuonerera. Wokana kuyesa, musiyireni katundu wake. Ndipo tengani lisiti.

Pali choonadi china chimene ogulitsa sakonda kunena. Gemu ya mpira imene ana amaitchabe FIFA inasintha dzina mu 2023 n'kukhala EA Sports FC 24, ndipo eni ake analemba kuti imafuna RAM ya 8GB, khadi yosachepera GTX 1050 Ti ndi purosesa yofanana ndi i5-6600K. Ngati kompyuta yanu ndi ya m'badwo wa DDR3, purosesa yake mwina siifika pamenepo, ndipo kuthiramo ndalama n'kutungira madzi m'dengu. Mwana wotere asewere PES 2017 kapena GTA V, zimene zimayenda bwino pa makina akale. Anyinyirika masiku awiri, kenaka mumupeza ali duu pa mpando.

Musaiwale za magetsi. Tonse tikukumbukira mdima wa 2022 pamene namondwe Ana anaononga Kapichira. Choopsa pa kompyuta si kuzima kokha ayi, komanso mmene magetsi amabwerera mwamphamvu. Musanagule khadi, gulani kaye kachipangizo koteteza kaja kamene mumaika ku firiji, mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi khadi. Magetsi akathima, mwana azizula pulagi ku khoma, adikire mphindi zingapo akayaka asanailumikizenso.