Njinga Yamoto Ikamakokera Mbali Imodzi

Kodi njinga yanu yamoto imayenda mowongoka? Kapena mukangofeŵetsa manja pa mahandulo imayamba kukokera kumanzere kapena kumanja? Ngati imatero, musailekerere. Pa mseu wa tala wopita ku Monkey Bay mungathe kulimbana nayo. Koma mu mchenga wa ku Makanjira, kapena potsika phiri la Chowe mutanyamula munthu, njinga yotere ikhoza kukugwetsani.

Anthu ambiri akaona vutoli amathamangira kutsogolo. Amapana gudumu ndi miyendo ndi kuyamba kupotoza mahandulo. Komatu kaŵirikaŵiri vuto limakhala kumbuyo. Ndipo amene amaliyambitsa ndi mwini njinga yemwe, tsiku limene akukunga tcheni.

Zimachitika motere. Kuno ku Mangochi mchenga ndi wambiri. Njinga zokatenga nsomba ku madooko monga Msaka, Makawa ndi Malembo zimayenda mu mchenga tsiku ndi tsiku. Mchengawo umamatirira ku oyilo wa pa tcheni ndipo umadya chitsulo ngati mmene mwala wonolera umadyera mpeni. Posakhalitsa tcheni chimatalika ndi kuyamba kulira. Kuti muchikunge, mumakokera gudumu lakumbuyo m'mbuyo pang'ono pomanga timanati tiŵiri, kena kumanzere kena kumanja. Mukamanga kamodzi kwambiri kuposa kanzake, gudumu limapendekera. Basi, magudumu aŵiri aja asiya kuyenda mu mzere umodzi.

Pafupi ndi timanatito pali timizere tolembedwa pa chitsulo. Tiŵerengeni mbali zonse ziŵiri. Ngati kumanzere mwafika pa kamzere kachitatu, kumanjanso mufike pa kachitatu.

Pa njinga yakale timizereto timakhala titafufutika. Pamenepo chingwe chidzakuthandizani. Pezani twayini wosokera ukonde wotalika mamita 5. Imikani njinga pa malo osalala, ndipo mnzanu aigwire kuti iime chilili, mahandulo ataloza kutsogolo. Kolani pakati pa chingwe kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, cham'munsi. Kokerani nsonga ziŵirizo kutsogolo, ina mbali iyi ina mbali inayo. Chingwe chingokhudza m'mbali mwa tayala lakumbuyo, chisapindike.

Tsopano yang'anani pa tayala lakutsogolo. Tayala limeneli ndi lochepa kuposa lakumbuyo, choncho pakhala kampata pakati pa tayala ndi chingwe mbali zonse ziŵiri. Timipatati tiyenera kufanana. Ngati mbali ina mukuloŵa zala ziŵiri pamene inayo chingwe chikukhudza tayala, gudumu lakumbuyo lapendekera. Masulani pang'ono nati yaikulu ya pakati pa gudumu. Kenaka mangani kanati ka mbali imene mpata wachepa. Musafulumire ayi. Pototsani theka chabe, yesaninso ndi chingwe, mpaka mipata ifanane.

Mukatha, onaninso tcheni. Chikankheni ndi chala pakatikati, cham'munsi. Chiyenera kuseŵera masentimita 2 kapena 3, ngati zala ziŵiri. Ena amakunga tcheni ngati ng'oma, amvekere ndiye kulimba kumeneko. Ayi ndithu. Munthu akakwera, kapena mukamanga madengu a usipa, tcheni chimakungika chokha. Ngati chinali chokungika kale, chimawononga mabering'i, mwinanso kuduka muli pa liŵiro. Pomaliza mangani nati yaikulu ija molimba, ndipo yesani buleki yakumbuyo. Gudumu likasuntha, buleki nayo imafunika kuikonzanso.

Yang'ananinso mano a supuloketi. Mano abwino amakhala oima bwino. Akayamba kusongoka ndi kupindikira mbali imodzi ngati mbedza, atha. Pogula, gulani tcheni pamodzi ndi masupuloketi onse aŵiri. Ndalama zake zimaŵaŵa, inde. Koma tcheni chatsopano pa mano okutha sichikhalitsa, ndipo mudzagula kaŵiri.

Tcheni chimafuna kutsuka kaŵirikaŵiri, makamaka mukayenda mu mchenga kapena m'matope. Tsukani ndi palafini ndi kaburashi, pukutani, ndi kudonthezera oyilo pang'ono. Girisi wambiri amangoitana mchenga. Chivundikiro cha tcheni musachichotse, ngakhale anzanu pa siteji akunena kuti njinga imaoneka bwino popanda icho.

Nanga ngati chingwe chaonetsa kuti magudumu ali mu mzere, koma njinga ikukokerabe? Yambani ndi zapafupi. Onani mpweya m'matayala m'maŵa musanayende. Onani ngati katundu mwamumanga pakati, osalemera mbali imodzi. Tukulani gudumu ndi kulizunguza. Likamagwedera, limu lapindika kapena masipoko ena amasuka. Gogodani sipoko lililonse ndi sipanala. Lolimba limalira kuti ngwee, lomasuka limangoti phu. Gwiraninso gudumu ndi manja aŵiri ndi kuligwedeza cham'mbali. Likamagogoda, mabering'i atha.

Ngati njingayo inagwapo kapena inagunda dzenje mwamphamvu, mwina mafoko akutsogolo ndiwo apindika. Amenewo musawawongole ndi hamala kapena ndi mtengo pakhomo. Pitani nayo kwa makaniko, muyende pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo musanyamule munthu.