Ndalama zouluka za ku China wakale

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 800, mafumu a banja la Tang akulamulira China, amalonda anayamba kutumiza ndalama kutali pogwiritsa ntchito chikalata chotchedwa feiqian, kapena kuti ndalama zouluka. Chinawakakamiza kutero ndi kulemera kwa makobidi. Anali amkuwa, obooka pakati, ndipo ankawatunga pachingwe, chingwe chimodzi makobidi 1,000, olemera pafupifupi makilogalamu anayi. Wamalonda wa tiyi wochokera kummwera akagulitsa katundu wake ku likulu la Chang'an, komwe lero ndi Xi'an, ankafunika ngolo, amtengatenga ndi alonda kuti phindu lake lifike kwawo, achifwamba ali tcheru m'njira monse. Makobidiwo analinso osowa, makamaka kuchokera mu 780 pamene boma linayamba kuwerengera msonkho wambiri m'makobidi.

Zigawo za dzikolo zinali ndi maofesi awo ku likulu, ndipo zinkayenera kutumiza msonkho komweko. Wamalonda ankasiya makobidi ake ku ofesi ya chigawo cha kwawo n'kulandira theka la chikalata, theka linalo n'kutumizidwa kuchigawoko. Akafika, ankalumikiza mbali ziwirizo, ndipo zikagwirizana ankamulipira kuchokera m'thumba la chigawo. Nzeru yake inagona pa ngongole ziwiri zoyenda mosemphana. Makobidi a wamalonda ankatsala ku likulu n'kulowa m'malo mwa msonkho, pamene a msonkho ankatsala kuchigawo n'kulipira wamalonda. Palibe khobidi lomwe linkayenda ulendowo. Chinkayenda ndi pepala basi. Akuluakulu a asilikali ndi mabanja olemera nawonso ankachita bizinesi yomweyi.

Boma poyamba linaipidwa nazo, poganiza kuti zikukulitsa kusowa kwa makobidi, ndipo mu 811, pa nthawi ya Mfumu Xianzong, linaletsa. Chiletsocho chinangoipitsa zinthu, pakuti amalonda anayambanso kutuluka mumzinda ndi makobidi awo ndipo olemera anabisa awo m'nyumba. Mu 812 boma linasintha maganizo n'kupereka ntchitoyi kwa nthambi zake zitatu za zachuma, kuphatikizapo yoyang'anira mchere ndi chitsulo. Linayesa kudula makobidi 100 pa 1,000 alionse, koma amalonda sanabwere mpaka malipirowo atachotsedwa. Apa boma linali losowa kuposa amalonda, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Mafumu a banja la Song anapitiriza njirayi, ndipo mu 970 anatsegula ofesi yake yapadera ku Kaifeng. China sinali yokha pa zimenezi: amalonda a ku Baghdad anali ndi suftaja, kalata yolamula mnzawo wa mumzinda wina kuti alipire woibweretsa.

Ambiri amatcha feiqian ndalama zamapepala zoyamba, koma si zoona kwenikweni. Munthu sankagulira mpunga pamsika ndi chikalatachi. Chinali umboni chabe wakuti anasiya ndalama kwinakwake. Ndalama zamapepala zenizeni zinabadwira ku Sichuan, komwe makobidi anali achitsulo, olemera kwambiri koma ochepa mphamvu. Mabanja 16 a amalonda a ku Chengdu ankasindikiza mapepala otchedwa jiaozi, omwe anthu ankapatsirana pogula ndi kugulitsa. Ena mwa mabanjawo atalephera kubweza makobidi a eni ake, boma linalanda ntchitoyo, ndipo mu 1024 linatulutsa jiaozi zakezake.