Ogula boti ku Atlantic ndi ogula boti ku Mangochi

Chaka chilichonse mu Novembala, maboti a matanga oposa 100 amanyamuka pa doko la Las Palmas, ku zilumba za Canary, kulowera ku Saint Lucia, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Ulendowu umatchedwa ARC ndipo unayamba mu 1986. Ndi wa makilomita pafupifupi 5,000, moti ambiri amatha milungu itatu osaona gombe. Okwerawo si asodzi ayi. Ndi mabanja, anthu opuma pantchito, ena oti anachita kugulitsa nyumba kuti agule botilo. Kwathu kuno munthu wogulitsa nyumba chifukwa cha boti losagwira ndi usipa umodzi womwe, abale angamuitanire ankhoswe. Koma kagulidwe kawo kali ndi phunziro.

Munthu wa ku Ulaya kapena ku America akapeza boti lomusangalatsa, makamaka logwirapo kale ntchito, sapereka ndalama zonse nthawi yomweyo. Amapereka chikole, kenaka amalemba katswiri woyeza maboti, munthu amene si mbale wa wogulitsa komanso alibe gawo pa malondawo. Botilo amalitulutsa m'madzi ndi makina n'kuliimika pamtunda. Katswiri uja amazungulira ndi kanyundo, kugogoda thupi lonse la boti uku atatchera khutu, chifukwa pamene madzi analowa mkati mwa fibreglass pamalira mosiyana ndi pamene pali bwino. Amaona zingwe zachitsulo zogwira mlongoti, zimene ambiri amasintha zikatha zaka pafupifupi khumi ngakhale zikuoneka zanyuwani. Amayang'anitsitsa mabawuti ogwira chitsulo cholemera cha kunsi kwa boti, chija chimaliletsa kugudubuka. Si nkhani yocheza iyi: mu 2014 boti lotchedwa Cheeki Rafiki linathothoka chitsulo chimenechi pakati pa Atlantic, n'kutembenuka, ndipo anthu anayi a ku Britain anathera pomwepo. Katswiriyo akaona zonsezi amalemba lipoti. Wogula amalitenga kukanenerera mtengo, kapena kubweza phazi. Akampani ya inshuwalansi nawonso amalifuna lipotilo.

Ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay zimayenda mwina. Wofuna bwato amayamba ndi mtengo uli chiimire, n'kupangana ndi mmisiri wosema. Wofuna boti lamatabwa amapita kwa kalipentala wa pagombe, kupereka ndalama pang'onopang'ono, n'kumabwera kudzaona mmene matabwa akulumikizidwira ndi mmene phula akulimatira. Apa tili patsogolo, ndipo ndikunena mosanyengerera: wogula wa kwathu amalidziwa boti lake kuyambira thabwa loyamba, amadziwa mtengo umene unachekedwa, ndipo likayamba kuchucha amadziwa khomo loti agogode. Mnzake wa ku Ulaya amagula chinthu chopangidwa m'fakitale ya Beneteau ku France kapena Hallberg-Rassy ku Sweden, osamudziwa n'komwe amene anachiumba.

Vuto limabwera boti likakhala la kaunjika, loti lagwira kale ntchito kwa wina. Woyeza ndi wogula yemweyo, mwina ndi mlamu wake amene anakhalapo mlovi. Amaliona lili m'madzi, penti ili waliwali, injini ailiza kamodzi, basi agwirana chanza. Funso lalikulu limakhala loti linyamula alovi angati ndi chilimira, kapena matumba angati a ufa opita ku Likoma. Ndi funso loyenera, pakuti boti la kwathu liyenera kubweza ndalama zake. Koma thabwa lofumbwa la kunsi silidziwa za ngongole.

Wina anena kuti nyanja yathu si Atlantic. Zoona, madzi ake ndi opanda mchere, motero zitsulo sizichita dzimbiri msanga, ndiponso gombe silikhala kutali kwa milungu. Komabe ndi nyanja yotalika makilomita oposa 550, yakuya mamita pafupifupi 700 cha kumpoto, ndipo mwera ukamawomba m'miyezi yozizira mafunde ake ndi afupiafupi, omenya motsatizana. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, inamira cha ku Chilumba ndipo anthu 145 anafa. Ilala, yopangidwa ku Scotland n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, yakhala ikulimbana ndi mafunde omwewo kuchokera mu 1951. Kukalamba kapena unyuwani si zimene zimasunga chombo, koma kapangidwe ndi kasamalidwe.

Anzathu akunja nawo anaphunzira ndi maliro. Pa mpikisano wa Fastnet mu 1979, namondwe anakantha maboti 303 pakati pa England ndi Ireland, ndipo opikisana 15 anafa. Kuchokera pamenepo anthu anayamba kufunsa kwambiri ngati boti lingadzuke lokha likagwetsedwa ndi funde. Lero ku Ulaya boti latsopano limabwera ndi chizindikiro cha gulu lake, ndipo la gulu A ndi lopangidwira mafunde oposa mamita anayi. Ngakhale zili choncho, si onse amagula mwanzeru. Ambiri amakopeka ndi zipinda zogona zazikulu, firiji ndi makina ambirimbiri, zimene zikawonongeka pakati pa nyanja sangathe kuzikonza. Pamenepa msodzi wa ku Msaka, amene amamasula yekha injini ya Yamaha pamchenga n'kuibwezera, angawaphunzitse zambiri.

Ndipo amene amapita kutali zedi nthawi zambiri si a maboti odula. Joshua Slocum, woyamba kuzungulira dziko lapansi ali yekha, kuyambira 1895 mpaka 1898, anayenda pa Spray, boti lakale lowola limene anachita kupatsidwa, iye n'kulimanganso thabwa ndi thabwa. Kirsten Neuschäfer wa ku South Africa anapambana mpikisano wozungulira dziko lapansi wa Golden Globe mu 2023 pa Minnehaha, boti la zaka zoposa 30 limene anatha miyezi yambiri akulikonza ku Canada asananyamuke. Onsewa ndalama ndi thukuta anazithira pa zosaoneka: kunsi kwa boti, mlongoti, chiwongolero.

Kunja wogula amasiyako ndalama zokonzera ndi zogulira zodzitetezera asanalipire botilo. Kwathu ndalama zonse zimathera pa boti, injini ndi ukonde, majekete oyandamitsa n'kukhala za mawa. Jekete limodzi silifika ngakhale pa mtengo wa mafuta a maulendo ochepa okagwira usipa.

Choncho inu amene mukusunga ndalama za boti, musalipire lili m'madzi. Likokereni pamchenga, mulitembenuze, muitane kalipentala wa gombe lina amene sadziwana ndi wogulitsa, mumulipire kuti abaye thabwa lililonse ndi nsonga ya mpeni. Wogulitsa akakana zimenezi, musiyireni boti lake.