Kodi mumadziwa? Nkhanza zimakolera mwana akasamuka sukulu

Kodi mumadziwa kuti ana amazunzana kwambiri chaka chomwe angolowa kumene sukulu yatsopano? Ku America ana ambiri amachoka ku pulayimale ali ndi zaka 11 n'kukayamba sukulu yapakati, yomwe kumeneko amati middle school. Ofufuza Anthony Pellegrini ndi Jeffrey Long anatsatira ana otere, ndipo mu 2002 anaulutsa zomwe anapeza: nkhanza zimakwera ana akangosamuka, kenako n'kuyamba kutsika. Pagulu latsopano aliyense amafuna aonetse kuti tambala ndani, ndipo wolipira amakhala mwana wofatsa yemwe sanapeze mnzake.

Ife kuno zimenezi timazidziwa ndi dzina lakuti kutiza. Mwana wa Fomu 1 wafika kugonera, chiponde ndi kamba zomwe mayi ake anamumangira zalandidwa tsiku lomwelo, m'mawa ali pamjigo kuchapa yunifolomu ya mkulu wa Fomu 4. Ena amati ndi mwambo. Si mwambo, ndi nkhanza.

Kodi mumadziwa kuti lipoti la UNESCO la 2019 linapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko anazunzidwapo ndi anzake kusukulu m'mwezi umodzi wokha?

Nanga zoti dziko la Norway linadzidzimuka mu 1982 anyamata atatu atadzipha chifukwa chozunzidwa ndi anzawo? Chaka chotsatira boma linayambitsa kampeni m'dziko lonse. Wofufuza Dan Olweus anayesa njira yake yothana ndi nkhanza m'sukulu 42 za mumzinda wa Bergen, ndipo nkhanza zinatsika pafupifupi ndi theka. Panalibe mankhwala achilendo: aphunzitsi kuyang'anira ana nthawi yopuma, malamulo omveka m'kalasi, ndi kuitana makolo msanga.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Ku Toronto, Debra Pepler ndi Wendy Craig anajambula ana akusewera pabwalo la sukulu. Anapeza kuti mwana akamazunzidwa, nthawi zambiri anzake amakhala ali pomwepo, kuonerera. Koma wina akangoti "musiyeni", kawirikawiri nkhanzazo zinkatha masekondi 10 asanakwane. Liwu limodzi lokha! N'chifukwa chake pulogalamu ya KiVa, yomwe Christina Salmivalli ndi anzake anakonza pa yunivesite ya Turku ku Finland, imalimbana kwambiri ndi oonererawo. Wozunza akasowa omusekerera, mphamvu zimamuthera.

Lachinayi loyamba la Novembala ndi tsiku lomwe UNESCO inapatula lokumbukira kuthana ndi nkhanza kusukulu, kuphatikizapo za pa intaneti.

Makolo, mwana akabwera ku holide yoyamba musangofunsa za malikisi. Mufunseni kuti amadya ndi ndani, amagona bwanji, ndipo bulangete lake lili kuti. Akakhala chete n'kuzolika, musamukalipire. Ku Malawi nambala yothandiza ana ndi 116, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.