Namwino Akamatiyeza Kuyambira Kumutu Mpaka Kumapazi

Amayi anzanga, ambiri a ife tinagonapo pamkeka m'chipatala, kudikirira bambo akunyumba, mwana kapena apongozi. Kumeneko kaŵirikaŵiri timamva wodikirira mnzathu akung'ung'udza kuti, "Ife tabwera ndi chifuwa, nanga anamwino akufunanji kumapazi?" Funsoli n'lomveka, koma yankho lake lingapulumutse moyo. Mtima ukafooka, madzi amadzaza m'mapapo ndi m'miyendo momwe. Wodwala amatsokomola ndi kubanika, pamene umboni wa nthendayo uli pa akakolo otupa amene abisika m'chitenje. N'chifukwa chake anamwino amaphunzitsidwa kuyeza thupi lonse mwadongosolo, kuchokera kumutu kutsikira kumapazi, kuti pasakhale chiŵalo choiŵalika.

Mafunso ndi manambala

Namwino amayamba ndi moni ndi mafunso, ndipo pochezapo amakhala ali pantchito kale. Amaona ngati wodwala akudziŵa dzina lake, malo amene ali ndi tsiku. Kenaka amayeza zinthu zinayi. Kwa munthu wamkulu amene wangokhala phee, kutentha kwa thupi kumakhala madigiri 36.5 mpaka 37.5, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, kupuma ndi ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, ndipo kuthamanga kwa magazi kukamafika pa 140/90 kapena kupitirira, ndiye kuti kwakwera.

Akatero amagwiritsa ntchito maso, manja ndi makutu: kuyang'ana, kukhudza, kugogoda ndi kumvetsera. Kugogodaku tisakudabwe, pakuti nafenso timagogoda mtsuko pamsika kuti timve ngati uli ndi mng'alu. Njirayi anailemba dokotala wa ku Vienna, Leopold Auenbrugger, m'chaka cha 1761. Phapo labwino limalira ngati ng'oma, koma lodzaza madzi sililira. Chipangizo chomvetsera m'chifuwa chija anachiyambitsa René Laennec ku Paris mu 1816.

Ulendo wa pathupi

Kumutu, namwino amakokera pansi chikope cha m'munsi. M'kati mwake mukayera m'malo mofiira, magazi ngochepa. Maso achikasu amaloza kuchiŵindi kapena ku malungo aakulu. Amaunikanso m'maso ndi tochi kuti aone ngati timwanadiso tonse tiŵiri tikuchepa mofanana, makamaka kwa amene wavulala m'mutu. Akamuuza wodwala kuti amwetulire si nthabwala ayi: kamwa yopotokera mbali imodzi ndi chizindikiro cha sitiroko. Lilime louma limasonyeza kuchepa kwa madzi m'thupi. Pakhosi amafufuza zotupa, ndiponso amaŵeramitsa mutu, pakuti khosi louma pamodzi ndi kutentha thupi ndi nkhani yofunika changu.

Pachifuwa amamvetsera mapapo kutsogolo ndi kumbuyo, kuyerekeza kumanja ndi kumanzere, kenaka mtima. Kwa ife amayi angapemphenso kuyeza maŵere ngati muli kabulu. Pamimba dongosolo limasintha: amayamba wamvetsera kulira kwa matumbo asanakhudze, chifukwa kudinikiza kumasintha kaliridwe kake. Malo opweteka amaŵakhudza pomalizira.

Kumanja amafinya chikhadabo n'kuchisiya. Magazi akamayenda bwino kufiira kumabwerera m'masekondi aŵiri. Kumiyendo amadinikiza ndi chala, ndipo pakatsala kadzenje ndiye kuti muli madzi. Kwa mayi woyembekezera, kutupa kwa nkhope ndi manja pamodzi ndi kukwera kwa magazi n'koopsa kwa iye ndi mwana yemwe. Kwa wodwala shuga amayang'ana ngakhale pakati pa zala za kumapazi, chifukwa bala limatha kukula mwiniwake osamva kuŵaŵa. Wodwala wongogona amamtembenuza kuti aone msana, matako ndi zidendene, kumene zilonda za pabedi zimayambira ngati kamalo kosintha mtundu.

Chifukwa chake amalemba

Apa mpamene ambiri timataya mtima. Timaona namwino ataŵerama pa mapepala, ife n'kumati akuchedwetsa mankhwala. Komatu amene wayeza m'maŵa saali yemwe adzagwire usiku, ndipo dokotala amafika pa nthaŵi yake. Chimene chimaŵalumikiza onseŵa ndi cholembedwacho. Florence Nightingale, m'buku lake lotchedwa Notes on Nursing la mu 1859, anatsindika kuti namwino aphunzire kupenyetsetsa ndi kunena zenizeni zimene waona.

Tsono namwino waluso salemba kuti "wodwala ali bwinoko". Amalemba tsiku, ola, zimene wodwala wanena, zimene iye wapeza, n'kusaina dzina lake. Amati, "bala la masentimita 3 pa chidendene chakumanzere, lopanda mafinya," kuti wobwera maŵa adziŵe ngati likukula. Akalakwitsa amangodula mzere umodzi, osafufuta.

Taganizirani za mayi amene wangochira kumene. M'maŵa mtima ukugunda ka 88, masana ka 104, madzulo ka 120, uku kuthamanga kwa magazi kukutsika. Nambala imodzi payokha siingaopse munthu, koma zitatuzo zikandandalikidwa pa pepala limodzi zimafuula kuti mwina akutaya magazi kapena matenda aloŵa m'thupi. Popanda kulemba, mfuwu umenewu palibe angaumve.

Mbali yathu

Choyamba, tizinena zoona. Ngati wodwala wamwa mankhwala a zitsamba, watemedwa mphini, kapena anasiya mapiritsi a kuchipatala, namwino adziŵe. Tizinenanso za mkodzo, chimbudzi ndi tsiku limene tinapita kumwezi komaliza.

Chachiŵiri, manyazi asatiphe. Mikanda ya m'chiuno anamwino aiona yambiri. Komabe ulemu wathu uli pomwepo: namwino ayenera kupempha chilolezo, kutchinga ndi nsalu, ndi kuvundukula mbali yokhayo imene akuyeza. Woyezayo akakhala bambo, tingapemphe kuti mayi wina akhalepo.

Chachitatu, ife odikirira ndife maso a usiku. Tiziŵerenga kuti wasanza kangati, wamwa makapu angati, wakodza liti. Akayamba kubwebweta, kupuma mofulumira kapena kuvuta kudzutsa, tisadikire kuche.

Chachinayi, kabuku ka kuchipatala tizikasunga m'pepala lapulasitiki, kutali ndi chiswe ndi mvula, ndipo aliyense akhale ndi kake. Kubwerekana kabuku n'kunamiza amene akufuna kutichiza.

Potsiriza, tisachoke tisanafunse zimene apeza ndi tanthauzo lake, paja safunsa anadya phula. Ndipo tsiku lina namwino akadzapempha kuona mapazi a apongozi amene abwera ndi chifuwa, ifeyo tidzakhale oyamba kukweza chitenje chija.