Kabilimankhwe ka ku Nsanje

Anthu ambiri akaona bilimankhwe amatola mwala. Ine ndimatulutsa foni. Ndimajambula usiku ndi tochi, chifukwa bilimankhwe akagona khungu lake limayererako, ndiye savuta kumuona pansonga ya nthambi.

Koma kamene ndimalakalaka kukajambula ndi kabilimankhwe ka Chapman, kosapitirira masentimita 6, komwe kwawo ndi nkhalango ya Malawi Hills ku Nsanje. Akatswiri anakapatsa dzina mu 1992. Patapita zaka, ena ankaopa kuti kanatheratu, mpaka mu 2016 pomwe anakapezanso.

Mdani wake ndi nkhwangwa. Nkhalango yaikulu yasanduka minda ya chimanga ndi chinangwa, kwangotsala tizigawo totalikirana. Kanyama koyenda pang'onopang'ono chonchi sikangadutse munda wonse kukafuna kanzake.